Kuzolowera pulogalamu yatsopano yolembera malipoti a kuyendera nyumba: mafunso ndi mayankho

Woyendera nyumba, amene ntchito yake ndi kufufuza mmene nyumba ilili munthu asanaigule, amatha maola angapo akukwera padenga, kukwawa m'siling'i ndi kutsegula bokosi la magetsi, koma chimene kasitomala amatsala nacho m'manja ndi lipoti basi. N'chifukwa chake kusintha pulogalamu yolembera lipotilo kumasowetsa mtendere ngakhale anthu amene akhalitsa pantchitoyi. Mafunso ali m'munsiwa amabwerabwera kwa ongoyamba kumene, komanso kwa akale amene akusiya pulogalamu ina n'kuyamba ina.

Ndakhala ndikulemba malipoti anga mu Word. Pulogalamu yapaderayi indithandiza chiyani?

Word imalemba chilichonse chimene mwaiuza, koma sidziwa kuti nyumba ili ndi denga, mapaipi ndi nthambo za magetsi. Pulogalamu yopangidwira oyendera nyumba imabwera itaigawa kale nyumbayo m'zigawo: denga, kunja kwa nyumba, maziko ndi makoma, magetsi, madzi, zotenthetsa ndi zoziziritsa nyumba, zipinda zam'kati. Pansi pa chigawo chilichonse pali zinthu zoti muone, ndipo pansi pa chinthu chilichonse pali ndemanga zolembedwa kale zoti mungodina. Mukajambula chithunzi muli pa gawo la magata (ngalande zolandira madzi a mvula m'mphepete mwa denga), chithunzicho chimakakhala pomwepo, simudzachisakanso usiku pakati pa zinzake mazanamazana. Mukaika chizindikiro choti vuto ili ndi loopsa, limakalowa lokha m'chidule cha lipoti.

Ndiye kuti ntchito yausiku yokopera ndi kumata imachepa, ndipo n'kovuta kudumpha chigawo chathunthu osazindikira, poti chimangokhala pamaso panu chopanda kanthu. Chimene pulogalamu singachite ndi kukuonerani vuto. Ngati simunaone kuti matabwa a denga afumbwa, palibe batani limene lidzakuuzeni.

Mapulogalamuwa ndi ambiri. Ndisankhe iti?

Odziwika kwambiri, makamaka ku America ndi ku Canada kumene ntchitoyi inazika mizu kalekale, ndi monga Spectora, HomeGauge, Home Inspector Pro, Palm-Tech, ndi Horizon ya kampani ya Carson Dunlop ya ku Toronto. Ena anayamba ngati mapulogalamu oika pa kompyuta, app ya pafoni n'kudzabwera pambuyo. Ena anabadwira pa intaneti. Ambiri amakulolani kuyesa kaye musanalipire, ndipo mwayi umenewo musauseweretse.

Poyesapo musatengeke ndi lipoti lachitsanzo lokongola limene aika pa webusayiti yawo. Limenelo analikonza ndi anthu a zamalonda, atakhala pampando wabwino. Inu funsani zinthu zosasangalatsa: kodi ikugwira ntchito netiweki ikasowa? Ndidina kangati kuti ndiike chithunzi ndi ndemanga pa vuto limodzi, nditavala magolovesi, dzanja lina lili pa makwerero? Tsiku lina ndikadzafuna kuchoka, ndemanga zanga ndidzatha kuzitulutsa? Ndipo ngati kwanuko kuli fomu yolamulidwa ndi boma, kodi pulogalamuyi imaitulutsa ndendende mmene fomuyo ilili?

Aliyense akungoti template, template. N'chiyani kwenikweni?

Ndi dongosolo lonse la lipoti musanalembemo za nyumba iliyonse: zigawo zake, ndondomeko yake, zinthu zoti muone, ndi ndemanga zonse zosungidwa. M'mapulogalamu ambiri ndemangazi zimakhala za mitundu itatu. Pali zongofotokoza zimene zilipo, monga kuti denga ndi la malata kapena la matailosi, mapaipi ndi a kopa kapena a pulasitiki. Pali zofotokoza chimene chinakulepheretsani kuona, monga chipinda chokhoma. Ndiye pali zofotokoza zolakwika.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya kuphunzira pulogalamu yatsopano. Mabatani mudzawadziwa m'masiku ochepa, chifukwa kujambula, kudina ndi kutumiza n'zofanana kulikonse. Chimene chimadya nthawi ndi kuisandutsa template kuti ikhale yanu. Anthu ambiri amene amadandaula kuti pulogalamu yakutiyakuti ndi yovuta, mukawafunsitsa mumapeza kuti akulimbana ndi template ya munthu wina, yokonzedwa motsatira mmene munthu winayo amayendera m'nyumba.

Yambani ndi ndondomeko. Ngati mumayamba ndi kuzungulira kunja, kenako denga, kenako bokosi la magetsi, n'kumalizira kukhitchini, zigawo za pafoni zitsatane chomwecho. Kupanda kutero mudzakhala mukukokera sikirini m'mwamba ndi m'munsi tsiku lonse. Kachiwiri, dulirani. Template yobwera ndi pulogalamu imayesa kukwanira nyumba za mtundu uliwonse, ndiye imakhala ndi zinthu zimene simudzakumana nazo n'komwe. Chilichonse chosafunika chimene mwachisiyamo ndi chinthu chimene diso lanu lidzachidutsa pa nyumba iliyonse. Musanafufute kalikonse, sungani kope ya template yoyambirira pambali, kuti mukadulitsa mudzakhale ndi pobwerera.

Ndemanga zobwera ndi pulogalamu zalembedwa bwino kuposa zanga. Bwanji ndisangozigwiritsa ntchito?

Zigwiritseni ntchito ngati poyambira, koma muwerenge iliyonse musanaikhulupirire. Nsalu yobwereka sithetsa usiwa. Tsiku limene kasitomala, ejenti wogulitsa nyumba kapena loya adzakufunseni kuti "pamenepa munkatanthauza chiyani?", yankho loti zinalembedwa ndi a pulogalamu silidzakuthandizani, chifukwa dzina lili pansi pa lipotilo ndi lanu.

Ndemanga zokonzeratu zili ndi matenda ake odziwika. Zina zinalembedwera dziko lina kapena nyengo ina, ndiye zimatchula malamulo a zomangamanga amene sagwira ntchito kwanuko. Chitsanzo chapafupi ndi chotetezera munthu kuti asagwidwe ndi magetsi: ku America amanena za GFCI, imene imadula magetsi akathawa ndi mamiliampu pafupifupi 5, pamene m'mayiko ambiri amanena za RCD ya mamiliampu 30. Ndemanga yotchula chimodzi m'dziko logwiritsa ntchito chinacho imaonetseratu kuti wolemba sanaiwerenge. Zina n'zazitali mopitirira, ndime yathunthu yongodzitchinjiriza, moti kasitomala amafika kumapeto asakudziwa ngati vutolo ndi lalikulu kapena ayi. Zina zimatchula zinthu zingapo nthawi imodzi, monga "matailosi osweka, osowa kapena osuntha", ndipo mukangodina osakonza, wowerenga sadziwa kuti pa zitatuzo inu munaona chiti.

Njira yosatopetsa ndi iyi: musayese kukonza ndemanga zonse nthawi imodzi. Lembani pansi mavuto amene mumakumana nawo pafupifupi pa nyumba iliyonse, mukonze amenewo poyamba m'mawu anuanu. Otsalawo muzikonza tsiku limene mwakumana nawo, n'kusunga zimene mwakonzazo mu template osati mu lipoti la tsikulo lokha. Ambiri amaiwala kusiyana kumeneku, n'kumadabwa kuti ndemanga imene anaikonza dzulo yabwereranso mmene inalili.

Nanga ndemanga yabwino imaoneka bwanji?

Imayankha mafunso anayi mwachidule: vutolo lili pati, n'chiyani chimene mwaona, kuipa kwake n'kotani, ndipo achite chiyani. Taonani iyi:

"Giza ya m'galaja ilibe paipi pa valavu yake yachitetezo. Valavuyi imatseguka yokha madzi akatentha mopitirira muyeso kapena mphamvu yake ikachuluka, ndipo popanda paipi madzi owirawo angathe kuthovukira munthu amene waima pafupi. Aitanidwe pulambala kuti aike paipi yoyenera yolozetsa pansi, ndipo izi zichitike msanga."

Iyerekezeni ndi "Paipi ya valavu palibe. Ikonzedwe." Yachiwiriyi si yabodza, koma munthu amene akugula nyumba koyamba sangamve chifukwa chake ayenera kudandaula. Mu template, gawo lofotokoza kuipa kwa vuto ndi zoyenera kuchita likhoza kukhala lokonzeratu, chifukwa silisintha. Malo ndi zimene mwaona ndi zimene muyenera kulemba pa nyumba iliyonse. Mapulogalamu ambiri ali ndi mndandanda wa malo woti mungodina, monga "bafa ya pamwamba" kapena "khoma lakumpoto". Ukonzeni mndandandawo msanga, ndi kanthu kakang'ono kamene kamapulumutsa zala.

Mawu amodzi oti musamale nawo ndi akuti "aonedwenso ndi katswiri". Pamene pakufunikadi injiniya, monga pa mng'alu waukulu wa maziko, nenani choncho. Koma lipoti limene ndemanga iliyonse ikuthera pamenepo limamupangitsa kasitomala kudzifunsa kuti ndiye inuyo anakulipirani chifukwa chiyani.

Zinditengera nthawi yaitali bwanji kuti ndizolowere?

Zimatengera kuchuluka kwa ntchito zimene mumagwira komanso khama limene mwaika pa template. Chodziwikiratu n'chakuti malipoti oyamba adzakuchedwetsani kuposa kale, ndipo panthawi imeneyo mtima umati bwerera ku yakale. Musaweruze pulogalamu ndi lipoti loyamba. Chongani pa kalendala yanu kuti masiku oyambawo musadzaze ntchito, ndipo musalonjeze kasitomala lipoti la tsiku lomwelo kufikira dzanja litazolowera.

Ndiyesere pati ndisanapite nayo kwa kasitomala?

M'nyumba imene mukukhalayo. Iyendereni yonse ngati mwalipidwa, kuyambira pageti mpaka m'siling'i, foni ili m'manja, ndipo lipotilo mulitumize ku imelo yanu kuti mulione mmene kasitomala adzalionere, pafoni ndi pa kompyuta pomwe. Kenako pemphani mnzanu kapena wachibale kuti muyendere yake, makamaka ngati ndi ya mtundu wina.

Njira ina yabwino ndi kutenga lipoti lanu lakale, la nyumba imene inali ndi mavuto ambiri, n'kulilembanso lonse mu pulogalamu yatsopano. Pamenepo mipata ya template imaonekera yokha: mupeza vuto limene mulibe ndemanga yake, kapena chinthu chimene simukudziwa kuti chilowe m'chigawo chiti. Ndi bwino kuzipeza muli pakhomo panu kusiyana ndi kuzipeza ejenti ataima pambali panu akuyang'ana wotchi.

Mavidiyo ophunzitsira amene makampaniwa amaika ndi othandiza, koma aonereni pulogalamu ili yotsegula, mukuchita zimene akuchitazo. Kungoonera chabe sikuphunzitsa zala.

Ndili ndi ndemanga zambiri mu pulogalamu yakale. Zingasamutsidwe?

Kawirikawiri inde. Makampani ambiri ali ndi njira yolandirira template kuchokera kwa anzawo odziwika kapena kuchokera mu spreadsheet, ndipo ena amakusamutsirani okha mukawapempha. Koma musayembekezere kuti zifika zili bwinobwino. Mapulogalamu sagawa zinthu mofanana, ndiye ndemanga yofotokoza mtundu wa denga ikhoza kufika ili m'gulu la zolakwika, zilembo zakuda ndi malinki n'kusokonekera, zithunzi zofotokozera zimene munamata ku ndemanga n'kutsala m'mbuyo. Choopsa kwambiri ndi ndemanga zimene zafika zili zodinidwa kale, chifukwa zimenezo zidzatuluka mu lipoti lililonse popanda inu kuzikhudza.

Mukamaliza kusamutsa, pangani lipoti lopanda kanthu, osadina chilichonse, n'kuliwerenga. Chilichonse chimene chatulukamo ndi chimene chizituluka nthawi zonse. Ndipo poti mukusamuka kale, ino ndiyo nthawi yotaya ndemanga zobwerezabwereza zimene zinaunjikana m'zaka zonsezi.

Ndizilemba lipoti ndili panyumbapo, kapena ndizingojambula n'kukalemba madzulo?

Oyendera nyumba amasiyana maganizo pamenepa, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Kulembera pomwepo kumathandiza kuti musaiwale, ndiponso ngati chithunzi sichinatuluke bwino mumajambulanso nthawi yomweyo. Kuipa kwake n'kwakuti maso amatha kukhala pa sikirini m'malo mokhala pa nyumba. Munthu wongoyamba kumene pulogalamu ndiye ali pangozi imeneyi kwambiri: akusakasaka ndemanga ya mpopi wodontha, sakuona banga la chinyezi lili pamwamba pa mutu wake.

Ife timaona kuti m'masiku oyamba ndi bwino kuchita zapakatikati. Lowani m'chipinda foni ili m'thumba, yang'anani zonse monga mwa nthawi zonse, kenako tulutsani foni, jambulani, ikani chithunzi pamalo pake ndi ndemanga ngati yapezeka msanga. Ikavuta kupezeka, ikani chizindikiro choti mudzabwererepo n'kupitiriza. Bokosi losakira mawu ndi bwenzi lanu pamenepa. Kulemba mawu amodzi n'kofulumira kuposa kutsegula zigawo chimodzichimodzi. Pamalo oopsa, monga padenga kapena patsogolo pa bokosi la magetsi lotsegula, jambulani basi. Zolemba mukalembere pansi.

Kulankhula kuti foni izilemba yokha kumathandizanso, koma imamva molakwika mawu a ntchito, ndipo cholakwika chake chimakhala mawu enieni amene chowongolera masipelo sichingawagwire.

Zithunzi ndiike zingati?

Zokwanira kuti munthu amene sanabwere apeze malowo ndi kuona vutolo. Pa vuto lililonse lofunika, chithunzi chimodzi chapatali chosonyeza malo ndi china chapafupi chosonyeza vuto n'zokwanira nthawi zambiri. Chithunzi chapafupi chokha cha nthambo ziwiri zolowetsedwa pa breaker (switchi ya m'bokosi la magetsi yozimitsa yokha) imodzi sichiuza wa zamagetsi kuti ndi breaker iti pa mzere wonsewo. Muvi umodzi kapena kamzere kozungulira, ndi mawu ochepa pansi pake, zimamaliza nkhani. Mivi isanu pa chithunzi chimodzi imasokoneza.

Jambulani zambiri kuposa zimene mudzaike mu lipoti. Zotsalazo ndi umboni wanu wa mmene nyumba inalili tsiku limenelo: siling'i yopanda banga, katundu wodzaza m'galaja, chitseko chokhoma. Fufuzani kuti pulogalamu yanu imazisunga kuti zithunzi zosagwiritsidwa ntchito, komanso ngati imasunga kope mu foni. Mapulogalamu ambiri amachepetsa kukula kwa chithunzi kuti lipoti lisalemere, ndiye ngati mukufuna kudzawerenga nambala ya pa chikwangwani cha giza, onetsetsani kuti ikuwerengeka pambuyo pa kuchepetsako.

Kanthu kena kamene kamavutitsa anthu: kuyambira 2017 mafoni a iPhone amasunga zithunzi mu mtundu wa fayilo wotchedwa HEIC, ndipo mapulogalamu ena akale a pa kompyuta saitsegula. Zikatero, sinthani pa zokonda za kamera kuti izisunga mu JPEG. Ndiponso kumbukirani kuti nyumbayo ikadali ya munthu. Zithunzi za ana ake pakhoma, mankhwala ake m'bafa ndi makalata ake patebulo siziyenera kuoneka mu lipoti lopita kwa anthu achilendo.

Netiweki ikasowa, ntchito yanga itayika?

Siyenera kutayika, ngati munatsitsa ntchitoyo mu foni musananyamuke. Ma app ambiri amasunga zonse mu foni n'kudzazitumiza netiweki ikabwera. Yeserani kunyumba: ikani foni pa airplane mode, lembani chigawo chathunthu ndi zithunzi, yatsani netiweki, muone ngati zonse zafika pa kompyuta.

Ngozi yeniyeni si kusowa kwa netiweki koma kukonza lipoti limodzi malo awiri. Mwafika kunyumba, mwatsegula laputopu n'kuyamba kukonza, pamene foni sinamalize kutumiza. Kenako foni ikumaliza, zina n'kufufuta zinzake kapena kutuluka kawiri. Dikirani mpaka app itanena kuti yamaliza. Musaichotse app mu foni, kapena kutulukamo mu akaunti, muli ndi ntchito yosatumizidwa, ngakhale itaoneka kuti yaima. Yambani mwafunsa othandiza a kampaniyo. Ndipo kamera, tochi ndi sikirini yowala zimamaliza batire msanga, ndiye power bank ikhale m'chikwama cha zipangizo limodzi ndi choyezera chinyezi.

Mitundu yofiira, yachikasu ndi ina ija ndiigwiritse ntchito bwanji?

Mapulogalamu ambiri amakupatsani magulu atatu, monga zofunika kungosamalira, zofunika kukonza, ndi zoopsa kapena zazikulu, gulu lililonse ndi mtundu wake. Musanayambe, lembani tanthauzo la gulu lililonse m'chiganizo chimodzi, muliike kumayambiriro kwa lipoti, ndipo muzilitsatira. Soketi yopanda chivundikiro isakhale yofiira lero, mawa yachikasu. Onaninso gulu limene ndemanga iliyonse yokonzeratu inapatsidwa, chifukwa vuto lomwelo likhoza kukhala laling'ono m'nyumba ina, lalikulu m'nyumba ina.

Kumadera ena simusankha nokha. Ku Texas, ku America, bungwe la boma loyang'anira malonda a nyumba la TREC limalamula kuti oyendera nyumba agwiritse ntchito fomu yake, REI 7-6, imene ili ndi mabokosi anayi pa chinthu chilichonse: I ngati chayenderedwa, NI ngati sichinayenderedwe, NP ngati palibe, ndi D ngati chili ndi vuto. Ku Britain, malipoti a Level 1, 2 ndi 3 a RICS, bungwe la akatswiri oona za nyumba ndi malo, amagwiritsa ntchito manambala 1, 2 ndi 3 okhala ndi mitundu yobiriwira, yachikasu ndi yofiira, pomwe 3 ndi vuto lalikulu kapena lofunika kukonza mwachangu. Ngati kwanu kuli lamulo lotere, template iyambire pa lamulolo.

Zimene sindinathe kuziona ndizilembe pati?

M'chigawo chimene zikukhudza, osati m'ndime yaitali ya kumapeto imene palibe amaiwerenga. Kuyendera nyumba ndi ntchito ya maso, yosaphwasula kanthu, ndipo kasitomala ayenera kudziwa pamene maso anu sanafike. Malamulo a kagwiridwe ka ntchito a ASHI, bungwe la oyendera nyumba la ku America limene linakhazikitsidwa mu 1976, amafuna kuti lipoti linene zinthu zimene zinalipo koma sizinayenderedwe, ndi chifukwa chake. InterNACHI, bungwe linanso la oyendera nyumba, nayo ili ndi malamulo ake ofotokoza zimene woyendera ayenera kuona ndi zimene sakakamizidwa kuona. Tengani malamulo amene mumatsatira, muwaike pambali pa template, muone ngati chinthu chilichonse chili ndi malo ake.

Pano pali msampha umene mapulogalamu amabweretsa. Ma template ena amabwera zinthu zonse zili zochongedwa kale kuti "zayenderedwa", kuti musadine kambiri. N'zofulumiradi, koma tsiku limene mvula yakuletsani kukwera padenga n'kuiwala kusintha, lipoti lanu lidzanena kuti munaliyendera. Lembani mwachindunji: "Denga linaonedwa kuchokera pansi ndi pa makwerero chifukwa linali lonyowa, mbali yakumbuyo sinaoneke." Ikaninso chithunzi cha chimene chinakutsekerezani.

Chidule chimadzipanga chokha. Ndiye palibe choti ndichite?

Chilipo. Anthu ambiri amawerenga chidule chokha, ndipo zokambirana za kukonza kapena kutsitsa mtengo wa nyumba zimachokera pamenepo. Pulogalamu imangotola zimene mwaziika m'magulu amene munaiuza kuti azilowa m'chidule. Ikatola zonse, mpaka chogwirira cha kabati chogwedera, vuto la maziko limabisika pakati pa tizinthu. Ikatola zofiira zokha, denga lotsala pang'ono kutha limene munaliika pa chikasu silioneka. Chiwerengeni chidulecho pachokha, ngati kuti lipoti lonse kulibe, mudzifunse ngati chikunena zoona za nyumbayo. Pamwamba pake pakhale chiganizo chokumbutsa kuti lipoti lonse liyenera kuwerengedwa.

Nditumize PDF kapena linki?

Zonse ziwiri ngati n'kotheka. Lipoti la pa linki limawerengeka bwino pafoni, zithunzi zimakula mukazidina, ndipo mavidiyo amaseweramo. M'mapulogalamu ena ejenti amatha kusankhamo mavuto n'kupanga mndandanda wa zoti wogulitsa akonze. PDF ubwino wake ndi woti sisintha, ndiye ndi umboni wa zimene munatumiza tsiku limenelo. Sungani PDF ya lipoti lililonse pamalo anuanu, kunja kwa pulogalamu. Mukakonza china lipoti litatumizidwa kale, muuzeni kasitomala chimene mwasintha ndi tsiku lake.

Onaninso bwino amene akulandira lipotilo. Mapulogalamu ambiri amatumiza okha maimelo kwa aliyense amene mwamulemba pa ntchitoyo, ndipo lipoti ndi la kasitomala. Ejenti alandire ngati mwini wake walola. Maimelo ndi mauthenga odzitumiza okhawa muwazimitse kaye pamene mukuyeserera, kuopa kuti munthu weniweni angalandire lipoti la nyumba yongopeka. Ngati pulogalamu imatha kutseka lipoti mpaka pangano litasainidwa, yatsani zimenezo.

Mapulogalamu ena tsopano ali ndi AI yolemba ndemanga. Ndiidalire?

Pokonza chiganizo chokhotakhota kuti chimveke, imathandiza. Pouza inu chimene chili pa chithunzi, ichenjereni. Imalemba molimba mtima ngakhale pamene yaphonya, ndipo imakonda kuwonjezera chifukwa cha vuto chimene inu simunachione. Ngati munaona banga pa siling'i, lipoti linene za banga ndi zimene choyezera chinyezi chinasonyeza, osati kuti paipi yaphulika pamene simunaione paipiyo. Chilichonse chimene yalemba muchiwerenge ngati chalembedwa ndi wophunzira ntchito wa tsiku loyamba.

Tili angapo pakampani. Tonse tisinthe tsiku limodzi?

Ayi. Mmodzi kapena awiri ayambe, akonze template, apeze zovuta zake, kenako aphunzitse anzawo. Ndipo pakhale munthu mmodzi yekha wololedwa kusintha template ya kampani. Ena azimutumizira maganizo awo. Aliyense akamasintha, posakhalitsa mukhala ndi ndemanga zinayi za vuto limodzi, zonena zosiyana. Ngati awiri mumayendera nyumba imodzi pa mafoni awiri, gawanani zigawo musanalowe, aliyense asakhudze za mnzake.

Ndisanadine batani lotumiza, ndiyang'ane chiyani?

Tsegulani lipoti mmene kasitomala adzalionere, osati pa sikirini yokonzera, ndipo muliwerenge kuyambira pamwamba. Dzina, adiresi, tsiku ndi chithunzi cha patsogolo zikhale za nyumba imeneyi. Sakani mipata imene template inasiya kuti mudzaze, monga chaka cha giza kapena kukula kwa bokosi la magetsi, poti mpata woiwalika umaoneka moipa kwambiri. Onani ngati chithunzi chilichonse chili pansi pa ndemanga yake. Onani zotsutsana: chigawo china chikuti nyumba ilibe galaja, china chikunena za chitseko cha galaja. Zoterezi zimachuluka kwa amene amakopera lipoti la nyumba ina kuti ayambirepo, chizolowezi chimene ndi bwino kuchisiyiratu. Yambirani pa template nthawi zonse.

Ngati mwatopa kwambiri, ligoneni lipotilo mulitumize m'mawa, bola zikugwirizana ndi nthawi imene munalonjeza. Koma ngati mwapeza chinthu choika moyo pangozi, monga fungo la gasi kapena nthambo zamoyo zili poyera, musadikire lipoti. Auzeni okhudzidwa nthawi yomweyo.

Pulogalamu yakale ndiitseke liti?

Musafulumire. Ikhalepo mpaka mutatumiza malipoti angapo enieni mu yatsopano popanda vuto, kuti zinthu zikasokonekera pakati pa ntchito mukhale ndi kothawira. Musanaitseke, funsani kampaniyo chimene chimachitikira malipoti akale mukasiya kulipira: kodi malinki amene makasitomala anu ali nawo azitsegukabe, ndipo kwa nthawi yaitali bwanji? Tsitsani PDF ya lipoti lililonse, mapangano osainidwa, zithunzi zoyambirira, mndandanda wa makasitomala ndi ma ejenti, komanso template yanu yakale. Zaka zimene muyenera kusunga zolembazi zimasiyana malinga ndi malamulo a kwanuko ndi zimene a inshuwalansi yanu amafuna, choncho afunseni iwowo, ndipo mafayilowo muwasunge malo awiri osiyana, pa hard drive ndi pa intaneti.